Chikondi ndi chilungamo pakati pa anthu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabuka kawirikawiri m'miphakati, m'misonkhano ya Mvano, pa maphunziro a achinyamata, ngakhale pa maliro anthu akamacheza usiku pa siwa. Ena amafunsa mofuna kudziwa, ena mofuna kutsutsa. Onse ayankhidwa pano mosabisa mawu, ndipo pena mupeza kuti yankho likukhudza inu ndi ine kuposa mmene likukhudzira boma.

Kodi chikondi ndi chilungamo si zinthu ziwiri zosiyana? China n'cha mumtima, china n'cha kukhoti.

N'zosiyana ndithu, koma zimakumana pa munthu mmodzi yemweyo. Chilungamo chimafunsa kuti, kodi munthu uyu walandira zimene zili zake? Chikondi chimafunsa kuti, kodi munthu uyu ali bwino? Mafunso awiriwa sangayankhidwe mosiyana pa munthu mmodzi. Mlonda amene sanalandire malipiro ake miyezi itatu sangakhale bwino, ngakhale bwana wake azimupatsa moni wansangala m'mawa uliwonse ndi kumufunsa za ana kunyumba.

Njira yosavuta yozisiyanitsira ndi iyi: chilungamo chili ngati ngongole, pomwe chifundo chili ngati mphatso. Ngongole umabweza ufune usafune, ndipo mwini wake ali ndi mphamvu yokulonjerera. Mphatso umapereka mtima ukafuna, ndipo wolandirayo amathokoza. Vuto lathu lalikulu ndi loti timakonda kupereka mphatso kwa anthu amene tili nawo ngongole, kenako n'kumadikira kuti atiwombere m'manja.

Nanga mukamati chilungamo pakati pa anthu, mukutanthauza chiyani kwenikweni?

Tikutanthauza mmene zinthu zakhalira m'dziko lonse, osati mlandu wa anthu awiri okha. Ndani ali ndi munda, ndani alibe? Mwana wobadwira ku Nsanje kapena ku Chitipa ali ndi mwayi wofika ku sekondale wofanana ndi wobadwira ku Area 10, dera la olemera ku Lilongwe? Mlimi akakolola soya, mtengo amaika ndani, ndipo sikelo imene akuyezera ndi yoona? Munthu wosauka akamangidwa, amakhala nthawi yaitali bwanji pa rimandi asanaonekere pamaso pa woweruza?

Pa mafunso amenewa nthawi zambiri sipapezeka munthu mmodzi woti mumuloze chala. Pamakhala malamulo, mitengo, miyambo ndi zizolowezi zimene zimachititsa kuti ena azingokwera pamene ena akungotsika, ngakhale onse akudzuka tambala woyamba. Kukonza zimenezo ndiko tikutchula kuti chilungamo pakati pa anthu.

Ine ndimathandiza kale. Ndimapereka chakhumi, ndimalipirira ana amasiye fizi. Kodi zimenezo si zokwanira?

Zimenezo n'zabwino, ndipo musasiye. Koma tayambani mwayang'ana m'nyumba mwanu momwemo. Mtsikana amene amakuphikirani, kuchapa ndi kulera ana anu amadzuka nthawi yanji, ndipo amagona nthawi yanji? Amalandira ndalama zofika pa mlingo umene boma linaika ngati malipiro otsikitsitsa? Ali ndi tsiku lopuma pa sabata? Ali ndi zaka zingati? Akadwala malungo, mumamudula malipiro?

Ambiri a ife tikafunsidwa zimenezi timayankha kuti, "Ameneyu timamutenga ngati mwana wathu." Mawu amenewa ndi okoma, koma kawirikawiri ndi amene amatseka nkhani ya malipiro. Mwana wanu weniweni ali ku sukulu, pomwe "mwana" uyu ali pa sinki. Mwana wanu amadya pa tebulo, uyu amadya zotsala kukhitchini. Mukamupatsa diresi lakale la mwana wanu mumaona ngati mwachita zachifundo, chonsecho mtengo wa diresilo sukufika pa ndalama zimene mwamubera mwezi umenewo pomulipira mochepera.

Chimodzimodzi ndi ganyu. Mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, munthu amavomera kupalira ndime yaikulu kuti alandire kambale ka ufa kapena ka madeya. Amavomera chifukwa ana agona ndi njala, osati chifukwa mtengowo ndi woyenera. Ndiye masiku amene akulima mwa inu, munda wake ukumera thengo, ndipo chaka chamawa adzabweranso pakhomo panu. Mukhoza kunena kuti mwamuthandiza, ndipo n'zoona kuti usiku umenewo kwawo kwafuka utsi. Koma amene wapindula kwambiri pa njala yakeyo ndi inu.

Choncho yankho ndi lakuti, bwezani kaye ngongole, mphatso ibwere pambuyo. Fizi ya mwana wamasiye imene yachokera pa malipiro operewera a wantchito wanu, kwenikweni wailipira ndi wantchitoyo.

Ndiye kuti ntchito zachifundo n'zopanda pake?

Ayi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe, palibe amene akanayamba ndi msonkhano wokambirana za ndondomeko ya malo. Anthu ankafunika kufukulidwa, kufunditsidwa ndi kudyetsedwa tsiku lomwelo, ndipo amene anathamanga ndi makasu, mabulangete ndi ufa anachita zimene zinkafunika. Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, sumufunsa kaye kuti moto unayamba bwanji.

Koma moto ukazima, funsolo limayenera kufunsidwa. N'chifukwa chiyani mabanja osauka amamanga m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje? Chifukwa ndi kumene angakwanitse kupeza malo pafupi ndi ntchito. Amene amawakondadi anthu amenewa sangakhutire ndi kuwapititsira mabulangete chaka ndi chaka.

Amalawi timadziwika ndi umunthu. Pa maliro timasonkhana, mlendo timamulandira. Bwanji nanga kupondereza kuli ponseponse?

Chifukwa chikondi chathu n'champhamvu kwambiri kwa "wathu", ndipo chimafooka msanga tikangodutsa malire a banja, mudzi, mpingo kapena mtundu. Timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa ntchito pakapezeka mpata umodzi, timakumbuka kuti chibale ndi fupa. Bwana amene walemba ntchito mwana wa mlongo wake, kusiya mnyamata wina amene anakhoza bwino mayeso, samadziona ngati wakuba. Amadziona ngati malume wabwino, ndipo kumudzi amamutamanda kuti saiwala kwawo. Namwino amene walowetsa wachibale kutsogolo kwa mzere wachita zachikondi kwa mmodzi, koma wachita nkhanza kwa mayi amene wayenda makilomita khumi ndi mwana wotentha thupi kumbuyo.

Apa m'pamene pamaonekera kuti chikondi chopanda chilungamo chimasanduka kukondera. Katangale wambiri sayamba ndi mtima woipa. Amayamba ndi foni yochokera kumudzi yonena za fizi, za feteleza, za bokosi la maliro.

Maliro omwewo amene timanyadira amaonetsa mbali zonse ziwiri. Anthu amagona panja masiku awiri, amayi amaphika, adzukulu amakumba manda osalipidwa, chipepeso chimasonkhedwa. Koma mwambo ukangotha, achibale ena a malemu amayamba kuwerenga mipando, njinga, malata ndi ng'ombe, mayi wamasiye n'kutsala ndi ana ndi mphasa. Anthu amene analira naye dzulo ndi omwewo akumulanda lero. Zinafika poti Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, lomwe linaika kulanda katundu wa malemu m'gulu la milandu ndi kuika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana. Kukanakhala kuti umunthu wathu unkafika paliponse, lamulo limeneli silikanafunika.

Kodi mipingo ikamalankhula za malipiro, mitengo ndi ndende, sikuti ikulowerera ndale? Ntchito yake si kulalikira chikondi?

Funso limeneli dziko lino linaliyankha kale mu 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Inasainidwa ndi atsogoleri a madayosizi onse, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre. Nthawi imeneyo kunali chipani chimodzi, Dr. Hastings Kamuzu Banda anali pulezidenti wamuyaya, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene wanena m'basi.

Mukaiwerenga lero kalatayo mungadabwe kuti inali yofatsa bwanji. Sinatchule kuti boma lichoke. Inanena za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mitengo imene alimi ankagulitsira mbewu zawo, za kuthithikana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi, za mavuto a m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene ankachititsa kuti munthu asanene zimene akuganiza. Zonsezi aliyense ankazidziwa. Chachilendo chinali choti zanenedwa poyera, pa guwa.

Boma linakwiya. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre n'kufunsidwa kwa maola ambiri. Kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, moti kupezeka nayo unali mlandu. Malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa, anatenthedwa. Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Koma chitseko chinali chitatseguka. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda pa msewu kugwirizana ndi maepiskopi. Pa 6 Epulo mtsogoleri wa mabungwe a antchito, Chakufwa Chihana, anatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pomwepo chifukwa choitanitsa ulamuliro wa zipani zambiri. Mu Meyi antchito a m'mafakitale ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo anthu anaphedwa pa zipolowe zimene zinatsatira. Atsogoleri a CCAP, Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda analowa nawo m'nkhaniyi, n'kubadwa bungwe la Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 panachitika riferendamu, ndipo anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Chisankho chinatsatira pa 17 Meyi 1994.

Mipingo imeneyi inali itamanga kale masukulu ndi zipatala kwa zaka zambirimbiri, ndipo boma silinkadandaula nazo. Kudyetsa wanjala ndi kuchiza wodwala kunali kololedwa. Chimene chinali choletsedwa ndi kufunsa kuti wanjalayo akuchitiranji njala. M'busa amene amayendera nkhosa zake m'ndende koma osafunsa kuti zatsekeredwa pa mlandu wanji, chikondi chake chimasangalatsa woyang'anira ndende kuposa wandendeyo.

Chenjezo lilipo komabe. Kulankhula za chilungamo n'kosiyana ndi kuvala nsalu ya chipani. Mtsogoleri wa mpingo amene amadzudzula boma pokhapokha pamene pulezidenti si wakwawo, kapena amene amatseka pakamwa akalandira envelopu pa mwambo wosonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi, ameneyo ndiye walowadi ndale.

Kodi malemba opatulika amagwirizanitsa zinthu ziwirizi?

Kwambiri, ndipo amalowa m'tinthu ting'onoting'ono kuposa mmene maulaliki athu amachitira. Mu Levitiko chaputala 19, momwe muli lamulo lokonda mnansi monga udzikondera mwini, mulinso lamulo loti malipiro a waganyu asagone kwa iwe mpaka m'mawa, loti usakondere pa mlandu kaya munthu ndi wosauka kapena wolemera, ndi loti miyezo yako ikhale yoona. Mulinso lamulo la kukunkha: mwini munda asakolole mpaka m'mphepete, ndipo asabwerere kukatola zotsalira, chifukwa zimenezo n'za osauka ndi alendo. Taonani kuti wosauka sankayenera kupempha. Ankalowa m'munda ndi dengu lake mutu uli m'mwamba, chifukwa gawolo linali lake mwalamulo.

Mneneri Amosi anadzudzula amalonda amene ankachepetsa muyezo, kukweza mtengo ndi kubera pa sikelo, ndipo ananena kuti Mulungu sakondwera ndi nyimbo ndi nsembe za anthu otere. Mlimi aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa venda wa sikelo yokayikitsa, kapena anaonapo ndowa yophwanyidwa pansi pamene iye akugula ndi ina yofutukuka pamene akugulitsa, sakufunika womumasulira ndime imeneyi.

M'Chisilamu kusiyana kwa ngongole ndi mphatso kuli poyera. Zakaat ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za chipembedzo, ndipo pa ndalama zosungidwa zimene zafika pa mlingo woikika munthu amapereka 2.5 pa 100 alionse chaka chilichonse. Imeneyi si nkhani ya kukoma mtima. Ndi gawo la osauka limene lili m'chuma cha wolemera. Sadaka ndiye chopereka chaufulu chimene munthu amawonjezera pamwamba.

Nanga John Chilembwe? Anali m'busa, koma anthu ake anapha. Kodi chikondi chingagwire mkondo?

Ili ndi funso lovuta, ndipo amene amaliyankha mofulumira nthawi zambiri amakhala atasiya theka la nkhani.

Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, anaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Kwa zaka zoposa khumi ntchito yake inali ya sukulu, ulimi, kusoka, ukhondo ndi kumanga tchalitchi cha njerwa. Ankafuna kuti munthu wakuda aziyenda mwaulemu m'dziko lake. Pafupi ndi mishoniyo panali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata, ntchito yokakamizidwa m'malo mwa lendi ya malo amene ankakhalapo. Ambiri anali Alomwe othawa nkhanza ku Mozambique, amene analibe kwina kopita. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi nkhanza, ndipo matchalitchi audzu amene anthu a Chilembwe ankamanga pa mindayo ankatenthedwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chake anthu osauka a kuno ankafera nkhondo imene sinali yawo, n'kusiya akazi ndi ana amasiye. Akuluakulu a boma anaitsekereza.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Livingstone anaphedwa n'kudulidwa mutu, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso. Akazi ndi ana a azungu sanaphedwe. Boma la atsamunda linabwezera mwankhanza: anthu ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chinagwetsedwa, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale akuthawira cha ku Mulanje.

Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale. Maganizo anga ndi akuti tikhoza kumulemekeza popanda kunamizira kuti kudula munthu mutu ndi ntchito ya chikondi. Chimene chinachokera m'chikondi ndi zaka khumi ndi zinayi zophunzitsa, kudandaula ndi kulemba makalata, komanso kukana kuzolowera kuona anthu ake akukwapulidwa. Mkondo unabwera makomo onse atatsekedwa, ndipo thangata silinathe chifukwa cha usiku umenewo. Linapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Tikayerekeza ndi 1992, timaona kuti mawu onenedwa poyera ndi anthu ambiri nthawi imodzi anagwetsa zimene mikondo ya anthu ochepa sinathe kugwetsa. Koma ife tili ndi makhoti, manyuzipepala, mawayilesi ndi voti. Munthu wa pa thangata ku Magomero analibe chilichonse mwa zimenezi, choncho tisamuweruze titakhala pa mpando wofewa.

Timaphunzitsidwa kukhululuka. Kodi munthu wachikondi sayenera kungousiya mlandu?

Kukhululuka ndi nkhani ya mtima wa wolakwiridwa, ndipo mwini wake ndi iyeyo. Palibe wina amene angakhululuke m'malo mwake, kapena kumukakamiza. Zimene timaona kawirikawiri n'zosiyana ndi zimenezi. Mwana wagwiriridwa ndi malume ake kapena bambo omupeza, ndiye akuluakulu a banja amakhala pansi n'kugwirizana kuti "tikambirane pachibale, zisatuluke." Wolakwayo amapereka mbuzi kapena ndalama, ndipo mwanayo amauzidwa kuti akhululuke. Apa amene watetezedwa ndi wolakwa ndi dzina la banja. Mwanayo waphunzira kuti mtengo wake ndi mbuzi imodzi, ndipo mng'ono wake ali pangozi yomweyo.

Mlandu wotere ndi wa apolisi, osati wa ankhoswe kapena anyakwawa. Kukanena ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, si kudana ndi wachibale. Ngakhale wolakwayo, kumusiya kuti apitirize si kumukonda.

Mayi amene akumenyedwa n'kumauzidwa kuti "banja ndi kupirira" ali m'gulu lomweli. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso chomuteteza. Munthu akhoza kuchotsa chidani mumtima mwake, n'kupitabe kukhoti. Ziwirizi sizitsutsana.

Wandale akagula bokosi la maliro, kapena kugawa ndalama ndi nsalu pa msonkhano, si chikondi chimenecho?

Funsani kuti ndalamazo zachokera kuti, ndipo akufuna chiyani pobweza. Ngati chipatala cha m'dera lake chilibe mankhwala, koma iye ali ndi ndalama zogulira mabokosi, ndiye kuti akukuthandizani kuika m'manda anthu amene ntchito yake inali kuwateteza. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti, ngakhale aliyense akudziwa kuti mchitidwewu sunathe. Ifenso ovota tili ndi gawo lathu: timayeza phungu ndi kuchuluka kwa maliro amene wafikako, osati ndi zimene wanena m'Nyumba ya Malamulo.

Yerekezani ndi Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito. Ili ndi zofooka zake, ndipo madandaulo a kukondera polemba mayina amamveka. Koma gogo wolandira ndalama zimenezo sayenera kuvina kapena kuimba nyimbo yotamanda munthu aliyense.

Lamulo silingakakamize munthu kukonda mnzake. Ndiye kulimbana ndi malamulo kuli ndi phindu lanji?

N'zoona kuti silingasinthe mtima. Koma likhoza kugwira dzanja la munthu wouma mtima, ndipo likhoza kufika kwa anthu amene inu simudzakumana nawo. Mukhoza kulipirira ana asanu sukulu. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anadzaza, ena ankaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo mavuto amenewo sanathe mpaka lero. Komabe palibe munthu wachifundo, ngakhale wolemera chotani, amene akanalowetsa ana ochuluka chotero m'kalasi.

Chitsanzo china ndi vakabu. Kwa zaka zambiri apolisi ankagwira anthu usiku kapena m'bandakucha pogwiritsa ntchito ndime ya lamulo yochokera kwa atsamunda, ndipo ogwidwawo nthawi zonse anali oyenda pansi, osati oyenda pa galimoto. Wogulitsa majumbo wina amene anagwidwa m'mamawa akupita ku malonda ake ku Limbe anatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndimeyo ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Munthu mmodzi wokana kungopereka chindapusa n'kupita anathandiza mavenda, alonda ndi amayi opita kumsika amene sadzamudziwa n'komwe.

Koma lamulo lolembedwa limafuna anthu oliyendetsa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Ku Dedza, Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera anawo ku sukulu, ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalola mchitidwewu. Makolo ena anaida, chifukwa kwa iwo kukwatiwitsa mwana kunali kuchepetsa pakamwa podyetsa. Chimodzimodzi utenanti wa m'minda ya fodya, umene unaletsedwa ndi kusintha kwa lamulo la ntchito mu 2021: banja lonse, ana omwe, linkagwira ntchito chaka chathunthu, kudya pa ngongole kwa mwini esiteti, n'kudzapeza pogulitsa fodya kuti ngongoleyo yameza malipiro onse. Kuletsa pa pepala ndi chiyambi chabe. Pamafunika wina wopita ku esitetiko kukaona.

Ine ndine munthu wamba, ndilibe udindo kapena ndalama. Ndingayambire pati?

Yambirani pamene muli ndi mphamvu, chifukwa pafupifupi aliyense ali ndi wina amene ali pansi pake. Lipirani waganyu tsiku lomwelo, pa mtengo umene munagwirizana. Musanenerere tomato wa mayi wa pamsika mpaka kumudyera phindu lonse, chonsecho mu shopu yaikulu mumalipira mtengo wolembedwa osatsutsa. Ngati mumabwereketsa ndalama, onani ngati chiwongoladzanja chanu sichinasanduke katapila. Ngati muli ndi katundu, ngakhale nyumba imodzi ndi munda, lembani wilo ndipo muuze mkazi kapena mwamuna wanu kumene ili.

Kenako phunzirani makomo oti mugogode, chifukwa anthu ambiri amaponderezedwa posadziwa kopita. Wochotsedwa ntchito popanda malipiro ake apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court. Amene akufuna loya koma alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Wolakwiridwa ndi ofesi ya boma akhoza kudandaula kwa Ombudsman, ndipo nkhani zophwanya ufulu wachibadwidwe zimalandiridwa ku Malawi Human Rights Commission. M'maparishi ambiri a Katolika muli makomiti a chilungamo ndi mtendere, a CCJP, amene amathandiza aliyense posayang'ana mpingo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho komiti ya sukulu kapena ya chitukuko cha m'mudzi ili ndi mphamvu yofunsa kuti ndalama za mlatho kapena za chipinda chophunziriramo zinayenda bwanji.

Mayi wamasiye kapena mlonda wochotsedwa ntchito nthawi zambiri amaopa kulowa yekha mu ofesi zimenezi. Amaopa Chingerezi, amaopa mafomu, ndipo alibe ya minibasi yobwerera kachiwiri akauzidwa kuti abwana kulibe. Ngati mumatha kuwerenga ndipo muli ndi tsiku limodzi lopuma, muperekezeni. Tengani chiphaso chake cha unzika, kalata iliyonse imene ali nayo yokhudza nkhaniyo, ndi kope lolembamo dzina la amene mwalankhula naye ndi tsiku limene wakuuzani kuti mubwerenso.